Chifukwa Chake Sitikuperekeza ndi Ng'oma, Debora

Kukomboni, kufupi ndi Makwasa
Lachisanu masana

Debora mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili pakhonde, iwe uli kumpopi ukuchapa zovala zoti unyamule Lamlungu. Ndikukuona bwinobwino kuchokera pano. Mmene ukuimenyera pamwala siketi yobiriwirayo, ndikudziwa kuti si siketiyo yakulakwira, ndine. Kuyambira Lachitatu ukungondiyankha kuti “inde amayi”, “ayi amayi”, ngati ndine kapitawo wako. Ndayesa kangapo kuti tikhale pansi tikambirane, koma pakamwa panga ukupadziwa: ndikayamba kulankhula ndimathera kukalipa, zomwe ndimafuna kunena n'kutsalira pakhosi. Ndiye ndati ndilembe dzuwa lisanalowe, Sabata lisatipeze tili chikwiyire. Ukawerenge uli m'basi, komwe sungathe kundidula mawu.

Lachitatu lija amayi a mumpingo anabwera kudzapempha kuti akonze mwambo wokuperekeza kuyunivesite: kwaya, ng'oma za achinyamata, mphatso, kenako gulu lonse likufikitse pasiteji. Ine ndinakana. Iwe unali kuseri kwa khitchini, unamva zonse. Atangochoka unandifunsa, maso ali pa ine osaphethira: “Amayi, achimwene a Yoswa munawalulutira mpaka mawu anakutherani. Ine ndalakwa chiyani? Kapena chifukwa ndine mkazi?” Ine ndinangoti kasonkhe moto. Funso limenelo landipweteka masiku onsewa, ndipo uli ndi ufulu womva yankho lake.

Choyamba dziwa kuti ndimakunyadira, ndipo ndikulemba mawu amenewa kuti usadzati sindinanenepo. Tsiku lomwe aphunzitsi ako anabwera ndi nyuzipepala kunazale ya tiyi komwe ndimagwira ntchito, n'kundionetsa dzina lako pakati pa osankhidwa kupita ku Zomba, ndinakhala pansi pamatope ndi kulira mokweza. Azimayi anzanga anathamanga kuchokera m'mabedi onse a mbande akufunsa kuti wamwalira ndani. Choncho za kuti ndine wosakondwa, kapena kuti ndimaona mwana wamkazi ngati wochepa, uzichotse m'mutu mwako.

Unali wamng'ono pamene achimwene ako ankapita kukoleji ku Blantyre, ndiye chomwe ukukumbukira ndi ng'oma ndi zakumwa. Ine ndikukumbukira zina. Komboni yathu inali isanatulutsepo mwana wopita kuyunivesite, ndiye aliyense anamutenga ngati wake. Kutchalitchi anamuimika kutsogolo, akulu a mpingo n'kumupempherera. Achinyamata anaguba ndi ng'oma kuchokera kutchalitchi mpaka kumsewu wa tala. Woyendetsa thirakitala ya pa esiteti anapempha chilolezo, n'kunyamula okalamba ndi ana m'ngolo. Mwanayo anali asanaone ngakhale chitseko cha kalasi, koma aliyense ankamuitana kuti “a Injiniya”. Mkulu wina anamugwira dzanja osafuna kulisiya, akuti, “Mukamaliza mubwere mudzatimangire mlatho pamtsinje paja, tatopa n'kuvula nsapato.” Ndipo ine mayi ake, basi itaima, ndinafuula anthu onse akumva: “Usabwere kuno wopanda chipewa cha makona anayi!” Anthu anaseka, anaomba m'manja, iyenso anaseka. Kwa ine inali nthabwala chabe.

Atabwera patchuthi choyamba anali ataonda, kolala ya shati ikuchita kulendewera. Ndinamufunsa za sukulu, anati, “Zili bwino, amayi.” Anthu anayamba kubwera ndi mawailesi akufa, mawotchi, wina mpaka pampu ya njinga, akuti a Injiniya aone. Iye ankangomwetulira n'kumamasula tizitsulo. Palibe mmodzi wa ife amene anamufunsa kuti, kodi pali chomwe chikukuvuta? Tikanafunsa bwanji, popeza digiri tinali titamupatsa kale pasiteji paja? Chaka chitatha anatumiza uthenga woti wapeza ganyu ya patchuthi, sabwera. Kenako kunangoti zii. Bambo ako atapita kukamufuna anakumana ndi mnyamata amene ankagona naye chipinda chimodzi, ndipo ndi iyeyo anawauza kuti Yoswa anachotsedwa atalephera masamu. Mnyamatayo anati, “Bambo, Yoswa ndi wanzeru kuposa ambiri a ife. Koma m'kalasi samafunsa, kugulupu samabwera. Ife tikamati tiye tikaonane ndi alekichala atithandize, iye amati akumva zonse. Amangokhala yekha ndi buku mpaka atseke laibulale. Tinazindikira mochedwa kuti zinthu zamuthina.”

Bambo ako anabwerako mutu uli pansi, ndipo kuyambira pamenepo dzina la Yoswa salitchula. Si chidani ayi. Ndimawapeza ataima kumsewu nthawi yomwe minibasi zimatsitsa anthu, akunamizira kuti akuona ngati kukubwera mvula.

Ndiye mwana wanga sanabwerenso mpaka lero. Kulephera masamu si kumene kunamuthawitsa pakhomo pano. Ana amalephera, amabwereza, ena amasintha n'kuphunzira zina, moyo n'kumapitirira. Chomwe chinamutsekera njira yobwerera ndi ng'oma zija, dzina lija, ndi kufuula kwanga kuja. Tinamusenzetsa komboni yonse pamutu, ndiye atayamba kulemedwa analibe woti amuuze. Tsopano ndikumva anthu omwewo ayamba kukuitana kuti “a Dokotala”, pomwe iwe ukupita kukaphunzira sayansi ndipo sunasankhe n'komwe kuti udzakhala ndani. Ndinataya mmodzi, Debora, sindikufuna kutaya wachiwiri. Ndikufuna upite wopepukidwa, uli Debora basi.

Mwezi wathawu ndinapita kuchipatala cha mishoni kukatenga mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinakumana ndi mayi Namaona, aja amaphunzitsa anamwino. Iwo kuyunivesite anapitako, ndiye ndinawakokera pambali pansi pa mtengo wa mapeyala.

Ndinati, “Mayi, mundiuze zoona. Kuyunivesiteko amafuna chiyani mwa mwana? Poti wanga woyamba anali nambala wani kuyambira Sitandade 1, koma anamubweza.”

Anayamba kuseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka. Anati, “Mayi a Debora, kumeneko a nambala wani ndi onse. Aliyense m'kalasimo anali katswiri kwawo. Chomwe akufuna kumanga ndi munthu woti akadzatuluka azitha kuganiza payekha, azifunsa pomwe sakumvetsa, asamangomeza chilichonse chomwe wamva. Azitha kugwira ntchito ndi anzake, komanso azitha kuimirira n'kufotokoza maganizo ake anthu n'kumva. Zam'buku zambiri amadzaiwala, ngakhale ine ndinaiwala. Koma zinazi zimatsala.”

Ndinati, “Basi? Nanga si zomwezo timalimbana nazo kunazale?”

Anati, “Ndi zomwezo ndithu, kungoti kumeneko amalipiritsa fizi.”

Ndinabwerera ndikuziganizira njira yonse, ndipo ndinaona kuti chilichonse chomwe anatchulacho ine ndinachiphunzira mochedwa, nditapsa kale zala. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndiye sayansi sindingakuthandize. Koma zopusa zomwe ndinachitapo ndingakugawireko, ndili nazo zokwanira ana anga onse.

Ndiyambe ndi kalongonda. Ukudziwa kuti ine ndinakulira pamishoni kwa azakhali anga, komwe nyemba zimenezi sizinkaphikidwa. Titangokwatirana ndi bambo ako tinapita kukacheza kwawo ku Nchilamwela. Apongozi anga, agogo ako aja, akunyamuka kupita kumaliro kutsidya, anandipatsa lichero la kalongonda n'kundifunsa kuti, “Mumatha kuphika zimenezi, apongozi?” Ndikanangoti ayi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine mtsikana wa pamishoni, wodziwa kusita ndi kuwerenga Chingelezi, ndivomere pamaso pa apongozi kuti nyemba zandikanika? Ndinayankha kuti, “Kwambiri.” Ndinaziphika ngati nyemba wamba. Zitayamba kufewa ndinathira mchere ndi tomato, n'kuphula. Sindinkadziwa kuti kalongonda amafuna tsiku lonse pamoto, kutaya madzi akuda aja, kuchotsa makoko, kuthira madzi ena, kutayanso, mpaka ululu wake utatha. Bambo ako ndi mng'ono wawo anafika kuchokera kumunda ali ndi njala. Anaona kuti maonekedwe a ndiwozo ndi achilendo, koma bambo ako, posafuna kundichititsa manyazi pamaso pa m'bale wawo, anadya, mpaka anapempha zina. Ona mmene anthu awiri ochita manyazi amathandizirana kuphana.

Pasanapite nthawi mlamu wanga anali kuseri kwa nkhokwe akusanza, bambo ako atagwira mzati akuti nyumba ikuzungulira, akulankhula zosamveka ngati aledzera, munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire. Agogo ako atafika anasuzumira mumphika, anandiyang'ana ine, n'kunena m'Chilomwe mawu omwe sindingalembe m'kalata yolembedwa tsiku lokonzekera Sabata. Odwalawo atapezako bwino anandikhazika pansi. Anati, “Mwana iwe, kunena kuti sindidziwa kukanakudula lilime?” Mpaka lero amalume ako aja... ayi, ndalakwitsa, bambo ako aang'ono aja, akabwera kuno amayamba afunsa kuti waphika ndani.

Debora, ukakhala m'kalasi aphunzitsi n'kunena chinthu chomwe sichikukulowa, kweza dzanja tsiku lomwelo. Ena adzaseka. Asiye aseke, ambiri mwa iwo nawonso sakumva, akungogwedeza mitu. Ukachita manyazi m'kalasi, atsatire aphunzitsiwo kuofesi. Ukapeza atseka, bwereranso mawa lake. Ndikunena izi chifukwa ndimakudziwa. Mtima wanga uja woyankha kuti “kwambiri” unatengera wonse, ndipo achimwene ako anatengeranso womwewo.

China ndinachiphunzira kunazale. Atandiika kukhala woyang'anira azimayi odzaza dothi m'machubu a pulasitiki ndi kubzala timitengo ta tiyi, ndinayamba kudzimva. Wina akabzala mopendama, m'malo momuonetsa ndinkangozula n'kubzalanso ndekha, uku ndikung'ung'udza. Timitengo timeneti timakhala tofundika ndi pulasitiki mpaka titamera mizu, ndipo povundukula umatsegula pang'onopang'ono, lero kamphepete, pakapita masiku n'kuwonjezera, kuti tizolowere mphepo ndi dzuwa. Zimenezi ndinkachita ndekha, sindinaonetsepo munthu. Anthu akamati “amadziwa ndi mayi a Yoswa okha”, ine ndinkamva kukoma. Ndiye kunagwa maliro kwa abale athu kutsidya la malire, ndinapita, ndipo mitsinje itadzaza ndinachedwa kubwerera. Kuno kapitawo anati nthawi yovundukula yakwana. Azimayi aja anachotsa mapulasitiki onse kamodzi, dzuwa lili phwee. Ndinapeza mabedi athunthu atapserera. Abwana atafunsa kuti zatheka bwanji, anzanga anayankha mawu omwe aja, akuti amadziwa ndi mayi a Yoswa okha, koma tsiku limenelo sanandikomere. Mnzanga Lusiya anandiuza pamaso, akuti, “Inu mumatigwiritsa ntchito ngati makasu. Ndiye mumafuna khasu lidziwe nthawi yovundukula?” Ndinamukwiyira mlungu wathunthu, koma ananena zoona.

Mayi Namaona akuti kumeneko adzakupatsani ntchito zina zoti muchite pagulu. Ndikukuona kale ukulanda ntchito yonse kuti uchite wekha, monga umachitira ndi mbale zomwe watsuka mng'ono wako, kuzitsukanso iye akuona. Usakatero. Wochedwa kumva umufotokozere, ndipo pofotokozapo udzaona kuti nawenso pena sunamvetse. Waulesi umuuze pamaso kuti agwire mbali yake, osati kumunyamula kenako n'kumamunena kumbali. Ndipo pezako anzako awiri atatu oti muziwerenga limodzi, oti tsiku lomwe sunaoneke m'kalasi azibwera kudzagogoda pachitseko chako. Achimwene ako analibe munthu wotero, osati chifukwa anzawo anali oipa, koma chifukwa iwo sankalola.

Nkhani iyi yokha ndiwe unandiposa nzeru, ndipo ukuikumbukira. Chaka cha njala ija, alangizi a zaumoyo atagawa mankhwala othira m'madzi akumwa, kunabuka mphekesera yoti mankhwalawo ndi oletsa kubereka. Komboni yonse inagwirizana nazo, ine ndinatenga botolo lathu n'kukakhuthula kuseri kwa chimbudzi. Iwe unandifunsa kuti, “Amayi, amene anasiya kubereka chifukwa cha mankhwalawa ndi ndani? Dzina lake?” Ndinakuuza kuti utseke pakamwa, nkhani za akulu sizikukukhudza. Koma funsolo linandisowetsa mtendere. Ndinafunsa mayi amene anandiuza, akuti anamva kwa mlamu wake. Mlamuyo akuti anamva m'minibasi. Dzina silinapezeke. Mmene ndimazindikira, mng'ono wako anali atatsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati, ndikuthamanga naye kumsana kupita kuchipatala ku Makwasa. Mulungu anatichitira chifundo. Funso lako lija usakalisiye kuno, pita nalo. Ukawerenga m'buku, funsa kuti wolembayu anadziwa bwanji. Anzako akabwera ndi nkhani yoti tiyeni tonse tichite chakuti, funsa kuti anaona ndani. Ngakhale aphunzitsi omwe, uwafunse mwaulemu. Ndipo munthu akakuonetsa kuti iwe ndi amene walakwitsa, vomera, sintha maganizo, usachite kuuma khosi ngati mayi ako.

Tsopano za kulankhula pagulu. Usadabwe kuti ine, amene mawu anga amamveka kuchokera kumpopi mpaka kufakitale, ndinagwidwapo ndi chibwibwi. Matipate atangoyamba kumene, pa esiteti anayamba kuitanitsa misonkhano yoti antchito anene madandaulo awo. Azimayi otchola tiyi anasankha ine, akuti ndili ndi pakamwa komanso Chingelezi ndimachimva. Zopempha zinali ziwiri: chisakasa choti oyamwitsa azibisalamo ndi ana mvula ikamagwa, ndi majasi a pulasitiki. Ndinayenda njira yonse ndikubwereza mawu m'mutu. Nditalowa m'chipindamo, kuona tebulo lalikulu ndi mabwana atakhala ndi zolembera m'manja, mawu onse aja anandithawa. Ndinaganiza za Chingelezi changa chothyokathyoka, ndinaganiza kuti andiseka. Atandifunsa kuti azimayi ali ndi vuto lanji, ndinamva pakamwa panga pakuti, “Tilibe vuto, bwana, tikungothokoza.” Panja anzanga anali akudikira, ena ali ndi makanda onyowa kumsana. Sanandilalatire. Anangonyamula madengu awo n'kumapita, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Msonkhano wotsatira ndinapempha ndekha kuti andipatsenso mwayi. Ndinayeserera masiku angapo ndikulalikira nthochi za kuseri kwa nyumba, ndipo nditalowa ndinalankhula m'Chichewa changa chomwechi, pang'onopang'ono, chinthu chimodzi kenako chinzake. Chisakasa anamanga patapita nthawi. Majasi aja tikudikirabe.

Kumeneko udzakumana ndi ana ochokera m'masukulu a m'tauni, olankhula Chingelezi chotulukira m'mphuno. Mwina adzaseka kalankhulidwe ka kwathu kuno. Agogo ako anamwalira akukuitana kuti “Tepora”, ndipo palibe anakukonda kuposa iwo, ndiye lilime la kwanu usachite nalo manyazi. Chingelezicho chiphunzire ndithu, uchilimbikire, werenga, lemba, ulole akukonze. Koma usadikire kuti chiyambe chasalala ndiye uzitsegula pakamwa. Ukakhala ndi mfundo, ikonze bwino m'mutu, imirira, inene. Tsiku lina padzakhala anthu panja odikira kuti uwalankhulire.

Za Sabata, za anyamata ndi za kubera mayeso sindilembapo zambiri, poti ndakhala ndikukuimbira nyimbo imeneyi kuyambira uli ku pulayimale ndipo unatopa nayo. Kumeneko ine kulibe, akulu a mpingo kulibe, palibe adzakuwerenge kuti Loweruka unali kuti. Zomwe udzasunge zidzakhala zako, osati zanga, ndipo mwina ndi bwino choncho. Ndikungopempha chimodzi: ntchito yomwe walembapo dzina lako ikhale yako. Ukakhoza pang'ono ndi mutu wako, ine ndidzalandira. Za anyamata, ndikudziwa kuti adzabwera, nkhope imeneyo unatengera kwa ine. Amene adzakuuze kuti usapite kukalasi ukhale naye, ameneyo umuonetse msana.

Tsopano mvetsera apa, chifukwa zonse ndalembazi zikulozera pano. N'kutheka kuti udzachita zonsezi koma zinthu n'kukuvutabe. Phunziro lina likhoza kukukanika. Ukhoza kudwala, ukhoza kusowa kwanu mpaka buku osalowa. Zikadzatero, nena msanga. Imba foni ku byulo ya mafoni ya pa Makwasa usiye uthenga, mwini wake amatidziwa, adzatuma munthu. Usadikire kuti zifike poipa. Ndipo zikadzafika poipa penipeni, akadzakuuza kuti longedza, iwe longedza ukwere basi ubwere kuno. Ndidzalira, poti ine kulira sindichedwa, mwinanso ndidzakalipa tsiku limodzi. Kenako ndidzakuphikira, tidzakhala pansi, tidzaona chochita. Anthu adzalankhula kumpopi, inde, koma pakamwa pawo ndidzathana napo ndine, ntchito imeneyo ndimaitha. Ukabwera patchuthi sindidzakufunsa kuti wakhala nambala chiyani. Ndidzakufunsa chomwe chikukuvuta, ndipo ukadzandiyankha kuti zili bwino sindidzakusiya mpaka unene.

Lamlungu tidzapemphera m'nyumba mwathu muno, anthu a pakhomo pano okha. Bambo ako adzakweza chikwama panjinga, ine ndi mng'ono wako tidzayenda nawe mpaka kumsewu. Ndikudziwa kuti ndi zochepa, ndipo ndikudziwa kuti mtsikana amene wagwira ntchito ngati yako amayenera zambiri. Undikhululukire. Ukadzafuna chikondwerero tidzachita pambuyo, pa zomwe zachitika kale, osati pa zomwe tikukulamula kuti ukachite.

Chatsala chimodzi, ndipo usadzidzimuke m'basimo. Ndikudziwa kuti umalankhula ndi achimwene ako. Mayi sapusitsika choncho. Umati ukupita ku byulo kukaimbira mnzako wa kusukulu, koma umabwerako maso ali ofiira. Nsapato zakuda zija unati wakupatsa mnzako, koma mnzako ameneyo anadziwa bwanji kuti phazi lako lamanzere limafuna mpata pachala chachikulu? Sindikukwiya. Poyamba zinandiwawa kuti mwana wanga ali moyo ndipo akulankhula ndi wina osati ine, koma kenako ndinagwada n'kuthokoza kuti pali mmodzi wa ife amene sanamuope. Ngati unamulonjeza kuti sudzaulula komwe ali, sunga lonjezo lako. Sindikufunsa kuti ali kuti, kapena kuti akugwira ntchito yanji.

Koma ndikuganiza kuti posintha basi ku Limbe sudzakhala wekha. Pansi pa bulangete m'chikwama mwako ndaikamo mabotolo awiri a chiponde. Limodzi si lako.

Ndipo Yoswayo umuuze izi. Bambo ake akupuma ntchito kumapeto kwa chaka chino, ndipo nyumba ino ndi ya kampani, tikuibweza. Akadzachedwa n'kudzagogoda pano, adzamutsegulira anthu osamudziwa, ndipo ine maganizo amenewo amandidzutsa ndi mantha. Umulongosolere njira ya ku Kapichi komwe tikumanga, umuuze potsikira ndi popatukira, abwereze mpaka aloweze. Safunika kubwera ndi kanthu m'manja, safunikanso kufotokoza chilichonse.

Umuuzenso za chipinda chachitatu chija cha nyumba yatsopanoyo, chomwe iwe ndi ine timati n'chosungiramo chimanga. Mlungu wathawu nditapita kukaona amisiri, ndinapeza bambo ako akugumula khoma lake kuti aikepo zenera lalikulu la galasi. Ndinawafunsa kuti chimanga chinayamba liti kufuna zenera lotero. Sanandiyang'ane. Anangopitiriza kuyeza ndi chingwe chawo, n'kunena kuti, “Mwanayo amakonda kuwerenga. Pafunika kuwala.”

Yenda bwino, Debora. Mulungu akusunge komwe maso anga safika.

Ndine mayi ako, wolongolola yemwe uja.